Ziwerengero za nkhanza kwa anthu aulumali, tizipeza kuti?

Tadala (Area 25): Mwaswera bwanji akuluakulu. Ndabwera ndi pempho. Ndikulemba kafukufuku wa digiri yachiwiri pa nkhanza zomwe anthu aulumali amakumana nazo m'boma la Lilongwe, m'tauni ndi kumudzi komwe. Pulopozo yanga yabwezedwa, aphunzitsi akuti ziwerengero zonse zomwe ndaikamo ndi za kunja. Zomwe ndili nazo ndi zija zinatuluka mu magazini ya zaumoyo ya The Lancet mu 2012, zoti ana aulumali amachitiridwa nkhanza pafupifupi kanayi kuposa anzawo, pomwe akuluakulu ndi kamodzi ndi theka. Nanga za kwathu kuno ndizipeza kuti? Amene mukudziwa khomo loti ndigogodepo ndiuzeni chonde.

Gift: Pitani ku Area 30 achemwali, kulikulu la apolisi. Milandu yonse imathera kumeneko.

Bambo Mwale: Tadekhani a Gift, kupolisi tifikako. A Tadala, yambani ndi NSO, ofesi ya boma yoona za ziwerengero, ku Zomba, malipoti awo ali pa intaneti ndipo ndi aulere. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 10.4 pa 100 aliwonse a zaka zisanu kupita m'tsogolo ali ndi ulumali, kutanthauza anthu opitirira 1.5 miliyoni. Za nkhanza kalembera safunsa, koma ndi amene adzakuuzeni kuti anthu amene mukuwakambawo alipo angati, boma ndi boma. Popanda nambala imeneyo, milandu 50 simungadziwe ngati ndi yambiri kapena yochepa.

Chenjezo limodzi. Kalembera wa 2008 anapeza pafupifupi anthu anayi okha pa 100. Musakalembe kuti ulumali wakwera m'zaka khumi, chomwe chinasintha kwambiri ndi kafunsidwe. Mu 2018 anatsata njira ya Washington Group. Njira imeneyi safunsa kuti "kodi ndinu wolumala?", amafunsa ngati mumavutika kuona, kumva, kuyenda kapena kukwera masitepe, kukumbukira, kudzisamalira monga kusamba ndi kuvala, ndi kumvana ndi anthu polankhula. Kenako amafunsanso kuti mumavutika pang'ono, kwambiri, kapena simungathe n'komwe. Gogo amene maso achita mdima amavomera funso limenelo, pomwe funso lakale lija akanakana.

Tadala: Zikomo bambo. Nanga za nkhanzazo?

Bambo Mwale: Pali mafukufuku atatu oti muwerenge. Woyamba ndi MDHS ya 2015-16, kafukufuku wa dziko lonse wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu. Inapeza kuti amayi 34 pa 100 a zaka 15 mpaka 49 anamenyedwapo chikwanitsireni zaka 15, mmodzi mwa asanu anachitiridwapo nkhanza zogonana, ndipo 42 pa 100 mwa omwe anakwatiwapo anazunzidwapo ndi mwamuna wawo. Wachiwiri ndi kafukufuku wa nkhanza kwa ana ndi achinyamata wa 2013, uja amati VACS, yemwe anafunsa a zaka 13 mpaka 24. Wachitatu, amene ine ndikuona kuti akuthandizani kwambiri, ndi MICS ya 2019-20 ya NSO ndi UNICEF, kafukufuku wa m'makomo wa umoyo wa ana ndi amayi. Mmenemo muli mafunso a ulumali wa ana a zaka 2 mpaka 17, mulinso mafunso a momwe ana amalangidwira pakhomo. Mukalembetsa pa tsamba la MICS amakupatsani mafailo enieni, osati lipoti lokha, ndiye mutha kulumikiza mbali ziwirizo nokha pa Stata kapena SPSS.

Yamikani: Ndimawerenga mwakachetechete koma apa ndiyankhapo. Ine ndine wosamva, ndimakhala ku Kawale. Bambo Mwale, m'mafukufuku onse mwatchulawo, wina ngati ine anafunsidwa ndi ndani? Wofunsa akafika pakhomo sadziwa chiyankhulo chamanja. Amalankhula ndi mwini nyumba, mwini nyumba amati "uyu samva, musavutike naye," basi amapitirira. Pa fomu pali bokosi lolembedwa incapacitated, kutanthauza wosatha kuyankha, amachonga pamenepo.

Bambo Mwale: Sindikutsutsani achimwene, bokosi limenelo liripodi.

Yamikani: Ndipo pa mafunso a nkhanza za m'banja zimaipiratu. Lamulo la MDHS limati mayi afunsidwe ali yekha, pasakhale wina womvetsera, ndipo amasankha mayi mmodzi pa nyumba. Lamulolo ndi labwino, limateteza mayi kuti asadzamenyedwe wofunsa akachoka. Koma mayi wosamva kuti ayankhe pafunika munthu wachitatu. Womasulira palibe, amene alipo ndi mwamuna wake kapena mlamu wake. Ndiye mafunsowo amangodumphidwa. Mukawerenga lipoti la VACS pa gawo la omwe anasankhidwa, analemba poyera kuti amene sakanatha kumva, kulankhula kapena kumvetsa mafunso chifukwa cha ulumali sanafunsidwe. Mtsikana amene sangathe kunena chomwe chamuchitikira ndi amene ogwirira amamusaka, ndi yemweyonso amene kafukufuku amamusiya pakhomo.

Mayi Nankhoma: Yamikani mwanangu wanena zomwe ndimafuna kulemba. Ine ndagwira ntchito yosamalira anthu m'midzi ya kuno ku chigawo chapakati zaka zambiri. Ndionjezepo kuti mafunso a nkhanza a MDHS amafunsa amayi okha ndipo amathera pa zaka 49. Agogo amene akuwanamizira ufiti chifukwa mutu wasokonekera mulibemo. Mnyamata wa khunyu amene amamumangirira pa mtengo makolo akapita kumunda mulibemo. Amene ali m'zipatala za amisala kapena m'masukulu ogonera komweko mulibemo, chifukwa ofunsa amayenda m'makomo okha.

Kenanso mafunsowo anawapangira munthu wopanda ulumali. Amafunsa zomenya mbama, kukankha, kupotokola mkono, kuopseza ndi mpeni. Koma zomwe ine ndaziona ndi izi: mwamuna kubisa ndodo zoyendera kuti mkazi asatuluke, kuchotsa tayala la njinga ya olumala, kumumana munthu mankhwala a khunyu ngati chilango, kumusiya pamphasa yonyowa tsiku lonse, achibale kulandira ndalama za Mtukula Pakhomo m'dzina lake iye osalawako ndi sopo yemwe, kumutengera mtsikana ku jakisoni wolera osamuuza kuti ndi wachiyani. Mufunseni mayi ameneyu ngati anamenyedwapo, ayankha kuti ayi, ndipo akunena zoona.

Gift: Ndiye ndimanena zomwezo, apite kupolisi. Kumeneko ndi milandu yeniyeni, osati zongofunsana.

Mayi Nankhoma: A Gift, mlandu umafika bwanji kupolisi? Wina amunyamule munthuyo, alipire kabaza, amumasulirire. Wochita zonsezo nthawi zambiri ndi wachibale, ndipo wozunzayo nthawi zambirinso ndi wa pakhomo pomwepo, amene akudyetsa banja. Nkhani imathera kwa ankhoswe kapena kwa amfumu, mbuzi imodzi yaperekedwa, basi. Maofesi a Victim Support Unit (VSU), othandiza ochitiridwa nkhanza, alipodi m'mapolisi ndipo amagwira ntchito, koma m'makaundula omwe ine ndinawaonapo mumakhala dzina, zaka, mudzi, mfumu yaikulu ndi mtundu wa mlandu. Zoti wodandaula ndi waulumali zimalembedwa pokhapokha wapolisi wa tsiku limenelo wakumbukira kuziika m'nkhani yofotokoza. Ndiye mukapempha chiwerengero adzakupatsani cha kugwiririra chonse pamodzi. Kuti mupatule muyenera kukhala pansi n'kuwerenga tsamba ndi tsamba, ngati akulolani.

Sisita Anabanda: Kuchipatala n'chimodzimodzi. Ku Chikwanekwane, malo a kuchipatala othandizira ochitiridwa nkhanza, wogwiriridwa amapimidwa, amapatsidwa mankhwala oteteza ku HIV otchedwa PEP pasanathe maola 72, amaonana ndi wapolisi ndi wopereka uphungu pamalo amodzi. Zolemba za dokotala zimakhala zatsatanetsatane, mwina mpaka kunena kuti mwanayu salankhula. Koma lipoti la pamwezi lomwe limalowa mu DHIS2, kaundula wa pa kompyuta wa unduna wa zaumoyo, ndi manambala ophatikiza. Chomwe chinali m'failo chimatsalira m'failo momwemo. A Tadala mukafuna njira imeneyi, mudzafunika chilolezo cha NHSRC, komiti yovomereza kafukufuku ku unduna wa zaumoyo, komanso kalata ya akuluakulu a chipatala, ndipo simudzaloledwa kutuluka ndi dzina la munthu.

Chifundo (wa zamalamulo): Ndafika mochedwa, ndinali ku khoti. Mbali yanga ndi iyi. Tsegulani MalawiLII pa intaneti, ndi yaulere, muli zigamulo za High Court ndi Supreme Court. Sakani gawo 139 la Penal Code, ndi lomwe limakamba zogona ndi munthu amene ali ndi ulumali wa m'maganizo. Ubwino wa gawo limeneli kwa wofufuza ndi woti ulumali uli m'mlandu momwemo, sungabisike. Koma mayi wosaona akagwiriridwa mlandu umalembedwa ngati kugwiririra wamba, mwana wosamva umalowa pa gawo 138 pamodzi ndi ana ena onse. Chinanso, yambiri mwa milandu imeneyi imaweruzidwa ndi majisitireti, ndipo zigamulo za kumeneko sizifika kawirikawiri pa intaneti. Zili m'mafailo a pamanja ku registry.

Koma ine ndikanakhala inu ndikanakonda mafailo omwewo. Sadzakuuzani kuti nkhanza zachuluka bwanji, adzakuonetsani pomwe mlandu umafera. Mboni yosalankhula, womasulira sanabwere, mlandu waimitsidwa, wabweranso, waimitsidwanso, achibale atopa ndi thiransipoti, woimira boma wauchotsa. Mutatsata mafailo 40 okha kuchokera pa doketi mpaka pa chigamulo, mungalembe chinthu chomwe sichinalembedwe kwambiri kuno.

Tadala: Akakana kundipatsa?

Chifundo (wa zamalamulo): Lembani kalata, musamangopita pakamwa. Lamulo la Access to Information la 2017 linayamba kugwira ntchito mu September 2020, ndipo a Malawi Human Rights Commission (MHRC) ndi amene amaliyang'anira. Pemphani ziwerengero zopanda mayina, zimenezo n'zovuta kukukanizani. Mutha kutchulanso kuti Malawi inavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, ndipo ndime 31 ya panganolo imalamula boma kusonkhanitsa ziwerengero zotere, pomwe ndime 16 ndi ya nkhanza. Lamulo latsopano la anthu aulumali la 2024 ndi lomwe linasintha MACOHA, bungwe la boma loona za anthu aulumali, kukhala MACODA, kumenekonso kagogodeni. A MHRC eni ake amalandira madandaulo, malipoti awo a pachaka muwaone.

Madalitso (Likuni): Ndilankhuleko za ife achialubino, chifukwa aliyense wolemba za mutu umenewu amathamangira kwa ife poti manambala athu ndi omwe amapezeka msanga. Lipoti la Amnesty International la 2016 linati anthu osachepera 18 anaphedwa kuyambira November 2014, ena asanu anasowa. Chaka chomwecho Ikponwosa Ero, katswiri wa United Nations pa ufulu wa achialubino, anabwera kuno, Nyumba ya Malamulo inakhwimitsa Penal Code ndi Anatomy Act. A APAM, bungwe lathu la achialubino, amasunga kaundula wawo, apolisi ali ndi wawo, a bungwe la Under the Same Sun amasonkhanitsa za maiko ambiri. Mukaziika pamodzi sizifanana, ndipo musadabwe. Wina amawerenga anthu, wina milandu. Wina amaphatikiza kufukula manda ndi kupezeka ndi mafupa, wina ayi. Wina munthu wosowa amamuika kwa ophedwa, wina amadikira mtembo. Nambala iliyonse muzilemba kuti ndi ya ndani, yoyambira liti, yothera liti.

Taonaninso izi. Nthawi ya lipoti la Amnesty ankati tilipo pakati pa 7,000 ndi 10,000. Kalembera wa 2018 anapeza 134,636. Ndiye amene anawerengetsa kuopsa kwake pogwiritsa ntchito nambala yakale ndi amene akugwiritsa ntchito yatsopano apeza mayankho otalikirana kwambiri, pa imfa zomwezo.

Gift: Koma nkhani ya Masambuka ija ndiye umboni wokwanira.

Madalitso (Likuni): MacDonald Masambuka anaphedwa ku Machinga mu 2018, chigamulo chinabwera mu 2022, anthu 12 anapezeka olakwa, mwa iwo wansembe, wapolisi ndi mchimwene wake weniweni. Werengani chigamulocho, muphunzira zambiri za momwe anthu apafupi amalowereramo. Koma umenewo ndi mlandu umodzi womwe dziko lonse linkauyang'ana, ndipo unatengabe zaka zinayi. Zomwe sizilowa m'buku lililonse ndi za tsiku ndi tsiku: kukuitana kuti "ndalama" pa depoti, bambo kuthawa mayi chifukwa wabereka mwana wachialubino, mwana kusiyitsidwa sukulu poopa njira. Mukalemba za kuphedwa kokha mudzaoneka ngati mwamaliza, chonsecho mwangoyamba.

Mphatso: Anzanga mukuvutikiranji? Pangani Google Form, tiimwaze m'magulu a WhatsApp a anthu aulumali, sabata imodzi muli ndi mayankho 300.

Bambo Mwale: Mayankho 300 a anthu okhala ndi foni yaikulu, odziwa kuwerenga, okhala ndi bandulo. Mtsikana wa ku Kasiya kapena ku Nathenje amene amatsekeredwa m'nyumba fomu imeneyo adzaiona liti? Kumeneko n'kuwedza matemba ndi ukonde wa chambo. Mudzatuluka ndi peresenti yooneka bwino koma yosaimira aliyense.

Yamikani: Komanso foni yambiri si ya mwini yekha. Wosaona amawerengeredwa ndi wina. Mufunse za kugwiriridwa pa foni yomwe mwamuna amaigwira madzulo?

Mphatso: Chabwino, nanga manyuzi? The Nation, Daily Times, Zodiak, MANA amalemba nkhani zimenezi. Ku National Library ku City Centre amasunga akale.

Chifundo (wa zamalamulo): Amenewo ndi othandiza, makamaka pofuna kudziwa mlandu woti mukausake ku khoti. Koma dziwani kuti zambiri ndi zomwe mneneri wa apolisi watumiza kwa atolankhani, ndiye ndi gwero lomwelo lavala malaya ena. Mlandu umodzi umatuluka pomanga, pozenga, pogamula, m'manyuzi atatu. Mukapanda kusamala muuwerenga kasanu ndi kanayi.

Esnart: Taonani mwana uyu wa kwathu kuno, ndi zomwe mukukambazi. Amalume ake ndi amene anachita.

Admin: Asisi Esnart chithunzicho ndachichotsa. Nkhope ya mwana ndi mudzi wake sitiika pagulu, muno tilimo anthu oposa 200 ndipo sitidziwana tonse. Imbani 116 pompano, ndi yaulere, kapena 5600. Mayi Nankhoma chonde alankhuleni kumbali.

Mayi Nankhoma: Ndawalembera kale. A Tadala, mwaona zomwe zachitikazi? Mukadzangoyamba kufunsa, nkhani zotere zidzakugwerani m'manja, zina zikuchitikabe usiku womwewo. Musanapite kumudzi mudziwe kuti mukamva zotere mutumiza kwa ndani, wapolisi wake uti, wa zosamalira anthu wake uti, ndipo galimoto alipira ndani. A komiti ya NCST, bungwe la boma la sayansi ndi luso, ku Lingadzi House adzakufunsani zimenezi asanakupatseni chilolezo, ndipo akulondola.

Bambo Mwale: Ndibwerere ku za mabuku. Pali kafukufuku amene anapangidwira anthu aulumali enieni, wa SINTEF ya ku Norway pamodzi ndi FEDOMA, mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali, ndi Centre for Social Research ya ku Zomba. Woyamba anatuluka mu 2004, wachiwiri mu 2018. Amayerekeza makomo omwe muli munthu waulumali ndi omwe mulibe, ndipo ena mwa ofunsa anali aulumali. A SINTEF omwewo mu 2006 anacheza mozama ndi amayi aulumali 23 za nkhanza. Koma 23 ndi 23, simungapangirepo peresenti.

Mayi Nankhoma: Bambo Mwale inu ndi maperesenti anuwo. Amayi 23 amenewo ananena zomwe mafomu zikwi sanagwire, za amuna obwera ndi malonjezo a banja n'kuthawa mimba ikaoneka. Funso labwino la pa fomu limachokera kwa amayi ngati amenewo.

Bambo Mwale: Mayi, ku Capital Hill mukapita ndi nkhani amakumverani chisoni, mukapita ndi nambala amatsegula bajeti. Ine sindikunyoza nkhani, ndikungoti wophunzira asasakanize ziwirizi. Asatenge zomwe wamva kwa anthu 20 a m'bungwe limodzi n'kulemba kuti ndi momwe zilili Lilongwe yonse.

Mayi Nankhoma: Nambala yomwe yasiya kunja osamva, osalankhula ndi a ulumali wa m'maganizo ikatsegula bajeti, ndalamazo zipita kwa ndani?

Bambo Mwale: Ndiye alembe pansi pa tebulo lililonse kuti amene sanafunsidwe ndi awa. Nambala ya MICS aitchule kuti ndi yoyambira, yeniyeni ili pamwamba pake. Ine sindinaonepo woyesa mayeso akukana zimenezo.

Chisomo: Ndingoponyapo mayina a mabungwe poti palibe wawatchula onse: DIWA ya amayi aulumali, ili konkuno ku Lilongwe, MANAD ya osamva, Malawi Union of the Blind, PODCAM ya makolo a ana aulumali, MeHUCA ya za matenda a m'maganizo, VIHEMA ya osamva ndi osaona pamodzi. Ambiri ali ndi mabuku a madandaulo ndi malipoti a mapulojekiti omwe sali pa intaneti. Koma mupite mwaulemu. Anatopa ndi ophunzira obwera kudzatenga nkhani, kulandira digiri, osabweranso ngakhale ndi kope limodzi.

Tadala: Ndalemba zonse. Ndikuona kuti mutu wanga unakula kwambiri. Ndikuganiza zochita ziwiri: kuwerengetsa za ana pa mafailo a MICS, kenako kutsata milandu ya amayi ndi atsikana osamva kuchokera ku VSU mpaka ku khoti kuno ku Lilongwe. Za achialubino ndizisiye kaye, a Madalitso musakhumudwe.

Madalitso (Likuni): Palibe chokhumudwitsa asisi, bola chimodzi chogwirika.

Bambo Mwale: Pa MICS samalani, mukapatula Lilongwe yokha kenako ana aulumali okha, mutsala ndi ochepa kwambiri moti peresenti yake idzagwedezeka. Tengani chigawo chonse chapakati kapena dziko lonse, ndipo musaiwale ma weight, manambala aja opangitsa kuti ofunsidwa aimire anthu onse moyenera. Mukakakamira nditumizireni do-file yanu ya Stata ndiione.

Yamikani: Ngati mwasankha osamva ndikuthandizani, koma mverani izi. Womasulira asakhale wachibale wa mayiyo, asakhalenso wa mpingo wake, ndipo akhale wamkazi. Ife osamva a mu Lilongwe timadziwana pafupifupi tonse, omasulira ndi ochepa, ndiye mayiyo asankhe yekha amene akumukhulupirira. Ena a kumudzi sanapiteko ku sukulu ya osamva, amalankhula ndi zizindikiro za pakhomo pawo. Pamenepo pafunika anthu awiri, wosamva mnzake womvetsa zizindikirozo ndi womasulira. Fomu ya chilolezo musangomupatsa pepala kuti adinde chala, ifotokozedwe ndi manja. Ndipo musajambule vidiyo nkhope, kwa ife vidiyo ndiye mawu, aliyense woiona amudziwa.

Tadala: Ndiye ndisunga bwanji zomwe wanena?

Yamikani: Jambulani mawu a womasulira, osati manja a mayiyo. Ndipo muike ndalama ya omasulira awiri mu bajeti yanu kuyambira pano, si ntchito yaulere. Loweruka tili ndi msonkhano wathu masana, ndifunsa kaye akuluakulu ngati angalole kuti mubwere. Ndikuyankhani Lachisanu pa meseji, musaimbe.